KUGULA GITALA YA MAGETSI YAKALE

Nkhani iyi inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja. Taisindikiza muno cifukwa akumvera ambiri a ku migodi anapempha kuti aiwerenge okha mofatsa.



Sabata latha ndinalandira kalata yocokera kwa mnyamata wina wa ku Mufulira, amene agwira nchito pansi pa mgodi. Iye alemba kuti kwa miyezi 9 wakhala alikusunga ndarama pang'ono-pang'ono kuti agule gitala ya magetsi, pakuti afuna kumaimba ku chalichi kwao ndiponso pa maukwati. Yatsopano ya m'sitolo sangaikhoze, koma munthu wina wamuonetsa yakale, yofiira ndi yonyezimira, ndipo alikumuumiriza kuti alipire sabata lisanathe, cifukwa ati alipo enanso amene aifuna. Tsono mnyamatayo afunsa kuti, "Kodi ndidzadziwa bwanji ngati gitalayo iri yamoyo, kapena ndirikugula mtembo wodzola mafuta?"

Funso limeneli ndi labwino, ndipo ndiriyankha pa wailesi cifukwa ndidziwa kuti sali yekha. Koma poyamba ndikuuzeni za kupusa kwanga, kuti mudziwe kuti amene alikukulangizani anayamba wapsa yekha.

Pamene ndinali mnyamata, ndirikugwira nchito yanga yoyamba ku Kitwe, ndinagula gitala yotere usiku, kuseri kwa nyumba ya mowa, pa kuwala kwa nyali. Mwini wace anati alikupita pa ulendo m'mawa mwace, ndipo panalibe nthawi yakuti tiilumikize ku ampulifaya. Ndinapereka malipiro a miyezi iwiri, ndipo theka la ndaramazo ndinakongola kwa alamu anga. Kutaca ndinaona kuti khosi lace linali lopotoka monga mpini wa khasu wosiyidwa pa mvula, ndipo nditapita nayo kwa mnzanga amene anali ndi ampulifaya, mbali imodzi inangoti zii. Caka cimeneco amai anga ku Katete anayembekeza ndarama za feteleza, koma sizinafike, pakuti ndinali kubweza ngongole ya cinthu cosalira. Akulu anati cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mau amenewa ndinawadziwa kuyambira ubwana, koma tanthauzo lace ndinaligula ndi ndarama.

Munthu sangaweruze cinthu cimene sadziwa magwiridwe ace a nchito. Cotero tiyeni tione poyamba cimene ciliza gitala ya magetsi.

Gitala wamba iri ndi mimba ya mphako, ndipo mphakoyo ndiyo ikuza mau. Gitala zambiri za magetsi ziribe mphako, mimba yace ndi thabwa lolimba cabe. Pansi pa nsambo pali tizinthu tiwiri kapena titatu timene oimba acha mapikapu, ndipo ameneyo ndiwo makutu a gitala. M'kati mwa pikapu muli maginito, ndipo pozungulira maginitoyo akulungapo waya wa mkuwa wowonda monga tsitsi la munthu, maulendo pafupi-fupi 8,000. Nsambo ya citsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, muwayamo mubadwa mphamvu yaing'ono ya magetsi. Mphamvuyo iyenda m'cingwe kufika ku ampulifaya, imene iikuza, ndi kuipereka kwa sipika kuti isanduke mau. Ndico cifukwa cace nsambo za nailoni sizilira pa gitala yotere, pakuti maginito sazimva.

Inu a ku migodi muyenera kunyadira pamenepa. Wayayo ndi wa mkuwa umene mukumba tsiku ndi tsiku, ndipo maginito ambiri a m'mapikapu apangidwa ndi citsulo cosakaniza ndi aluminiyamu, nikelo ndi kobati, ndipo kobati nayenso apezeka m'nthaka ya ku Nkana ndi ku Chambishi. Gitala ya magetsi si mlendo kweni-kweni kwa munthu wa ku migodi.

Cinthu cimeneci cinayambira ku America. M'caka ca 1932 George Beauchamp ndi Adolph Rickenbacker anayamba kugulitsa gitala ya magetsi imene anthu anaicha ciwaya cokazingira, cifukwa ca maonekedwe ace. Pambuyo pace Leo Fender, amene nchito yace inali kukonza mawailesi, ndipo sanali woimba gitala ai, anatulutsa gitala ya thabwa lolimba m'caka ca 1950, imene inachedwa Telecaster m'caka cotsatira. Mu 1952 kampani ya Gibson inatulutsa Les Paul, ndipo mu 1954 Fender anatulutsa Stratocaster. Magitala oculuka amene muona lero m'masitolo ndi m'misika atsata maonekedwe a zitatu zimenezi. Kusiyana kwace kumodzi mukusunge m'mutu, cifukwa tidzakufuna patsogolo: khosi la gitala ya mtundu wa Fender limangidwa ku mimba ndi masikuruu, kawiri-kawiri anai, kotero kuti litha kucotsedwa ndi kuikapo lina, koma khosi la mtundu wa Les Paul limatidwa ndi guluu.

Tsopano tifike pa tsiku logula. Malamulo oyamba ndi atatu. Pitani masana, pamene dzuwa lirikuwala. Pitani nokha kukaona, musatume munthu, pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Koma tengani mnzanu wodziwa kuliza, ngakhale mumlipirire basi. Ndipo musapereke ngwee ngakhale imodzi musanaimve gitalayo irikulira pa ampulifaya. Wogulitsa amene akana zitatu izi, kapena amene ali ndi ulendo wa m'mawa, mumtsazike bwino ndi kubwerera kwanu.

Mukaigwira m'manja, muiyese ndi maso, pambuyo pace ndi manja, potsiriza ndi makutu.

Maso anu asacedwe pa utoto. Zipsera ndi utoto wofufuka siziononga mau, ndipo kawiri-kawiri zionetsa kuti gitalayo inakondedwa ndi kulizidwa. Cimene muyenera kuyang'ana poyamba ndi khosi, pakuti khosi ndilo msana wa gitala. Ikani mimba yace pansi, mutu wace uloze ku diso lanu, ndipo muyang'ane motsata khosi monga mmisiri wa matabwa ayang'ana thabwa. Khosi labwino liri lowongoka, kapena lopindikira kutsogolo pang'ono cabe. Ngati lapindika monga uta, nthenda imeneyo icizika, cifukwa m'kati mwa khosi muli ndodo ya citsulo imene aipotokola ndi kasipanala kuti khosi liwongoke. Koma ngati lapotoka, ndiko kunena kuti mbali ya nsambo zazikuru yakwera pamene mbali ya nsambo zazing'ono yatsika, ndodoyo singathandize. Imeneyo ndiyo nthenda imene inapha ndarama zanga.

Pali njira yina yoyesera khosi. Dinikizani nsambo yaikuru ndi cala pa kacitsulo koyamba kopingasa pa khosi, timene oimba acha mafureti, ndipo ndi dzanja lina muidinikize pa fureti yotsiriza. Nsamboyo tsopano yasanduka cingwe ca mmisiri womanga nyumba. Yang'anani pakati, ca pa fureti ya 7 kapena ya 8. Payenera kutsala mpata waung'ono, wokwanira kulowetsa kakhadi kopyapyala. Ngati nsambo yagona pa mafureti onse, khosi lapindikira kumbuyo. Ngati mpatawo ungalowe mtengo wa machesi, lapindika kwambiri. Pamenepo pemphani mwini wace kuti apotokole ndodo ija pang'ono inu mulikuona, kuti mudziwe ngati iyenda. Ndodo yothyoka kapena youma ndi dzimbiri ndiyo cilema cacikuru, cifukwa kuicotsa kufuna kung'amba khosi. Ndipo tsiku limene mudzaipotokola nokha, musapitirire gawo limodzi la magawo anai a kuzungulira kumodzi pa nthawi imodzi.

Tembenuzani gitala, muyang'ane kumbuyo kwa khosi pamene likumana ndi mutu. Pamenepa ndi pamene magitala athyoka akagwa, makamaka a mtundu wa Gibson, amene mutu wao unapendekera kumbuyo. Yendetsani cala pamenepo. Mukamva kamzere, kapena mukaona kuti utoto wa pamenepo wasiyana ndi wa kwina, dziwani kuti inathyokapo. Mng'alu womatidwa ndi mmisiri waluso ukhoza kukhala zaka zambiri, koma mtengo wa gitalayo uyenera kutsika ndithu, ndipo wogulitsa woona mtima adzakuuzani yekha musanafunse. Yang'ananinso pamene khosi lilowa m'mimba. Muligwedeze pang'ono, lisasunthe.

Onaninso mafureti. Nsambo zidya citsulo monga mapazi adya njira, ndipo pa mafureti oyamba, pamene zala zikhala nthawi zambiri, mudzapeza tizigwa. Tizigwa tosazama mmisiri angathe kusalaza. Tozama tifuna mafureti atsopano, ndipo pa gitala yochipa nchito imeneyi ikhoza kudya ndarama zolingana ndi mtengo wa gitala yomwe. Yendetsani dzanja m'mbali mwa khosi. Nsonga za mafureti zisakubayeni, ndipo pasakhale fureti yotukuka.

Tsopano manja. Mangani nsambo zonse 6 kuti zilire pa mau ace oyenera. Pamene mulikumanga, mverani makiyi a ku mutu: kiyi yabwino iyenda mosalala ndi kugwira pamene mwaisiya. Mukatha, yang'anani kutalika kwa nsambo pamwamba pa fureti ya 12. Payenera kukhala mamilimita awiri kapena kuceperapo pang'ono. Nsambo zokwera kwambiri zipweteka zala, ndipo ana ambiri analeka kuphunzira poganiza kuti alibe mphatso, pamene colakwa cinali ca gitala. Koma musathawe msanga cifukwa ca ici cokha, pakuti kacitsulo ka ku mimba kamene nsambo zikhalapo kali ndi timasikuruu tokweza ndi kutsitsa. Onani kuti timasikuruuto sitinaume ndi dzimbiri, ndipo kuti sitinafike kale pa mapeto ace.

Pambuyo pace lizani nsambo iri yonse pa fureti iri yonse, kuyambira ku mutu kufikira ku mimba, imodzi-imodzi. Nchito imeneyi icedwa, ndipo wogulitsa adzayamba kuyang'ana nthawi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Mulikufuna malo amene mau azizira, kapena amene nsambo icita phokoso monga nchenche ya m'botolo. Kaphokoso kakang'ono kamene sikamveka pa sipika si kanthu. Koma malo amene mau afa msanga, kapena mafureti awiri otsatana amene atulutsa mau amodzi, asonyeza fureti yokwera kapena khosi lodwala.

Yesaninso ici. Lizani nsambo popanda kuidinikiza, ndipo muilizenso mutadinikiza pa fureti ya 12. Fureti imeneyi iri pakati peni-peni pa nsambo, cotero mau aciwiri ayenera kukhala omwewo, koma okwera, monga mwana ndi atate wace aimba nyimbo imodzi. Ngati asiyana pang'ono, cikhoza kukhala cifukwa ca nsambo zakale, kapena kacitsulo ka ku mimba kafuna kusendezedwa, ndipo zimenezi zikonzeka. Ngati asiyana kwambiri pa nsambo zonse, gitalayo inapangidwa molakwa, ndipo idzakucititsani manyazi pamaso pa anthu masiku onse.

Musaiwale kuikoloweka pa phewa ndi kuima nayo. Gitala ya mtundu wa Les Paul ilemera makilogramu 4 kapena kuposa, ndipo munthu amene wagwira nchito ya pansi tsiku lonse adzaimva pa msana ukwati usanathe.

Potsiriza makutu. Lumikizani gitala ku ampulifaya ndi cingwe cimene mudziwa kuti ciri cabwino. Ndi bwino kubwera ndi canu, kuti wogulitsa asanamizire cingwe. Tengani msomali, mugogode pang'ono pa pikapu iri yonse, mulikusuntha swichi yosankhira. Pikapu yamoyo idzayankha pa sipika kuti tho, tho. Yakufa idzakhala cete. Zungulitsani zopotokola zonse za mau, kuyambira pansi kufikira pamwamba. Zikamacita phokoso monga munthu woponda masamba ouma, kawiri-kawiri ndi pfumbi cabe, ndipo zitsukika kapena kusinthidwa pa mtengo wocepa. Gwedezani cingwe pa kaboo kamene cilowa. Mau akamaduka-duka, kabooko kafuna kumangidwa, ndipo imeneyinso ndi nchito yaing'ono.

Mudzamvanso kung'ung'udza kwa magetsi. Musaope msanga. Mapikapu owonda a mtundu wa Fender atola kung'ung'udza kumeneku mwa cibadwa cao, makamaka pafupi ndi nyali za magetsi ndi mafiriji. Cifukwa ca bvuto limeneli Seth Lover wa ku Gibson anapanga pikapu ya makoilo awiri, imene inayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ndipo yotereyo ikhala cete. Cimene muyenera kuyesa ndi ici: ikani dzanja pa nsambo. Kung'ung'udza kuyenera kucepa. Ngati kukula, mawaya a m'kati analumikizidwa molakwa. Ndipo ngati muli ndi mnzanu wa nchito ya magetsi pa mgodi, mpempheni abwere ndi mita yace. Pikapu yowonda yamoyo ionetsa maohm ca pa 6,000, ya makoilo awiri ca pa 8,000 kapena kuposa. Mita ikapanda kuonetsa kanthu, waya wowonda uja unaduka m'kati.

Tsono tisonkhanitse zimene taona. Nsambo za dzimbiri, zopotokola za phokoso, kaboo kogwedera, kiyi imodzi yothyoka, utoto wokalika: zimenezi ndi cimfine, ndipo zikuthandizani kutsitsa mtengo. Pikapu yakufa, mafureti odyeka, mutu womatidwa: zimenezi ndi nthenda zofuna cipatala, ndipo muyambe mwafunsa mmisiri mtengo wa kukonza, ndi kuucotsa pa mtengo wa gitala. Khosi lopotoka, ndodo yothyoka, mng'alu wotseguka pamene khosi lilowa m'mimba: zimenezi ndi maliro. Pa gitala ya khosi la masikuruu mungathe kuikapo khosi lina ngati lipezeka, koma pa ya khosi lomata, siyani.

Ndinene tsopano za dzina lolembedwa pa mutu wa gitala, pakuti pamenepa ndi pamene anthu ambiri anyengedwa. Dzina ndi utoto cabe, ndipo munthu ali yense angalilembe. Magitala onama okhala ndi dzina la Gibson kapena la Fender ali ambiri pa dziko lonse. Munthu akakuonetsani Gibson pa mtengo wa njinga yakale, dziwani kuti kapena ndi yonama, kapena ndi yakuba. Cizindikiro cimodzi ndi ici: pa mutu wa Les Paul yeni-yeni ya Gibson, kacibvundikiro kobisa ndodo ya khosi kali ndi maonekedwe a belu, ndipo kamangidwa ndi masikuruu awiri, pa zonama zambiri mudzapeza atatu. Yang'ananinso nambala ya gitala, imene ikhala pa mutu kapena pa kacitsulo ka kumbuyo kwa khosi. Masiku ano munthu wokhala ndi foni angathe kufufuza nambalayo pa intaneti asanalipire. Nambala yopalidwa ikhale kwa inu monga ng'ombe yodulidwa khutu la cizindikiro.

Koma musanyoze gitala cifukwa iribe dzina lalikuru. Makampani awiri aja ali ndi maina ao a magitala a mtengo wocepa: Squier ndi wa Fender, ndipo Epiphone ndi wa Gibson kuyambira 1957. Yamaha ndi Ibanez a ku Japan apanganso magitala okhulupirika. Squier yoona ya khosi lowongoka iposa Fender yonama kutali. Anthu obvina pa ukwati sawerenga dzina la pa mutu, amva mau.

Za kuba ndinene mosabisa. Machalichi ndi magulu a oimba aberedwa zipangizo kawiri-kawiri, ndipo gitala si cinthu cobisa, pakuti nchito yace ndi kuonekera pa bwalo. Tsiku lina mwini wace adzaizindikira ndi cipsera cimene anacipanga yekha, ndipo inu mudzataya gitala, ndarama ndi mbiri yanu pamodzi, mwina ndi kugona ku polisi. Funsani wogulitsa kumene anaitenga ndi cifukwa cace aigulitsa. Gulani pa nyumba pace, osati pa mseu. Lemberanani kalata yochula tsiku, mtengo, mtundu wa gitala ndi nambala yace, asaine pamaso pa mboni, ndipo muone citupa cace. Munthu woona mtima sakwiya ndi zimenezi.

Pokambirana mtengo, yambani mwapita ku sitolo kukafunsa mtengo wa yatsopano ya mtundu womwewo. Yakale ya masiku onse iyenera kutsikirapo kwambiri, pakuti iribe citsimikizo ca sitolo. Musakhulupirire mau akuti gitala iri yonse yakale ndi cuma. Nzoona kuti magitala ena a Fender ndi Gibson a zaka za m'ma 1950 agulidwa pa mtengo wa nyumba, koma amenewo ndi ocepa, ndipo zambiri zakale zangokalamba cabe. Ndiponso musathere ndarama zonse pa gitala yokha. Mufunika ampulifaya, cingwe, lamba, thumba ndi nsambo zatsopano. Gitala ya magetsi yopanda ampulifaya inong'ona cabe.

Tsopano cherani khutu, pakuti cimene ndinene cikhudza moyo. Gitala yokha siingakupheni, mphamvu yace ndi yaing'ono. Koma nsambo zace zalumikizidwa ndi waya ku thupi la ampulifaya, ndipo ampulifaya yalumikizidwa ku magetsi a m'nyumba, amene kuno kwathu ali mavoti 230. Ngati ampulifaya iri ndi cilema, ndipo waya wa dothi unadulidwa, magetsi adzafuna njira yopitira pansi, ndipo njirayo idzakhala inu. M'caka ca 1972 woimba gitala wa ku Scotland, Les Harvey, anafa pa bwalo ku Swansea atakhudza maikolofoni imene inalibe waya wa dothi. Mu 1976 Keith Relf wa ku England anafa m'nyumba mwace alikuliza gitala ya magetsi. Cotero pulagi ya ampulifaya ikhale ya mano atatu, ndipo dzino lacitatu likhale lolumikizidwa. Musalowetse mawaya amaliseche m'khoma ndi mitengo ya machesi. Musalize muli opanda nsapato pa simenti yonyowa. Milomo yanu ikamva kuluma pa maikolofoni pamene dzanja liri pa nsambo, lekani pomwepo ndi kuitana wodziwa magetsi. Ampulifaya yocokera ku America inapangidwira mavoti 120, ndipo idzapsa mukailumikiza kuno popanda cotsitsa mphamvu. Werengani zolembedwa kumbuyo kwace. Ndipo musatsegule ampulifaya ya mavavu a galasi, cifukwa isunga magetsi oopsa m'kati ngakhale mutaicotsa ku khoma. Inu amene mutsata malamulo a citetezo pansi pa mgodi, musawasiye pa geti poweruka.

Mukaigula, isungeni. Thabwa limwa cinyontho pa dzinja ndi kuuma pa cilimwe, ndipo khosi lisuntha pang'ono ndi nyengo. Cotero muliyese mvula ikayamba, ndiponso ikatha. Musaisiye pa dzuwa, kapena m'galimoto yotseka, kapena pafupi ndi malata m'mwezi wa Okutobala, kapena pafupi ndi mbaula. Musaitsamize ku khoma pamene ana athamanga, pakuti magitala ambiri athyoka mutu m'nyumba, osati pa bwalo. Mukatha kuliza pukutani nsambo ndi kansaru kouma, cifukwa thukuta liri ndi mcere ndipo libala dzimbiri. Ndipo mulembe nambala yace m'buku, kuti ikabedwa mukhale ndi umboni.

Abale anga, dziko lathu lidziwa gitala kuyambira kale. Akulu akumbukira Alick Nkhata, amene mau ace ndi gitala yace zinamveka pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a m'makomboni anatenga gitala ya magetsi ndi kuiphunzitsa cilankhulo ca kuno, ndipo nyimbo zao zinachedwa Zamrock: gulu la WITCH ndi la Amanaz a ku Kitwe, Paul Ngozi ndi Ngozi Family, Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya. Pambuyo pao kalindula anatenga bwalo, ndi oimba monga P. K. Chishala. Lero nyimbo za Zamrock zirikumveka kutsidya la nyanja, ndipo Jagari Chanda wa WITCH, amene anakhala zaka zambiri alikukumba miyala ya mtengo wapatali, anabwerera pa bwalo ali mkulu, gulu lace ndi kutulutsa nyimbo zatsopano mu 2023. Cotero cimene mnyamata wa ku Mufulira afuna si cinthu copanda pace, ndipo sindimletsa.

Koma kwa iwe mwana wanga wa ku Mufulira ndinena kuti: miyezi 9 ya thukuta la pansi pa mgodi si yotaya cifukwa ca sabata limodzi la munthu wofulumira. Uyambe waona kuti m'nyumba muli unga, ndi kuti ana alipiridwa ku sukulu, ndipo ngati uli pa banja ukambirane ndi akazi ako, kuti gitala isalowe m'nyumba monga mkazi waciwiri. Usakongole. Upite masana ndi mnzako, ndi cingwe cako, ndi msomali m'thumba. Ngati khosi liri lowongoka, mapikapu ayankha, ndipo mwini wace abvomera kulemba kalata, gula ndi mtima woyera, ngakhale utoto wace unafufuka. Ngati cimodzi ca zimenezi cisoweka, bweza ndarama m'thumba. Magitala ofiira sadzatha pa dziko. Safunsa anadya phula, koma iwe wafunsa, ndipo wacita bwino.

Gitala yanga ija ya khosi lopotoka ndikali nayo. Iri pa khoma kunyumba kwanga, ndipo adzukulu anga akafunsa cifukwa cace siilira, ndiwauza nkhani yomwe ndakuuzani usiku uno. Udzandilembere kalata ukagula, kuti tidziwe m'mene wayendera, ndipo inu nonse amene muli ndi mafunso pa zinthu zotere, lembani, tidzayankha.

Nthawi yanga yatha. Inu olowa nchito ya usiku, mukalowe bwino ndi kuturuka bwino. Inu otsala m'nyumba, gonani bwino.